Sabata Imene Kope la Flossy Linagona kwa Alamu Ake

Flossy Alufandika ndinamudziwira kumsasa, chaka chija namondwe Freddy anakokolola midzi ya kuchigwa kwa Mlolo. Ine ndine Imelda, ndimaphunzitsa Sitandade 6, ndipo sukulu yathu, popeza ili pamtunda, ndiyo inasanduka msasa wa anthu othawa madzi. M'kalasi mwangamo munkagona amayi makumi anayi ndi ana awo. Pakati pawo panali mayi wina wamfupi, wosayankhulayankhula, amene sankatsitsa mwana kumbuyo ngakhale pakudya. Anzake akamuuza kuti, “Tamutsitsani apume mwanayo,” ankangomwetulira n'kulimbitsanso mbereko. Ameneyo ndiye anali Flossy, ndipo mwanayo anali Chance, wa miyezi isanu ndi itatu.

Flossy anabadwira m'mphepete mwa dambo, mwana wachitatu wa msodzi. Asanayambe n'komwe sukulu ankadziwa kale kutumbula mlamba ndi kupala mphende. Sukulu analekezera Fomu 2, koma phunziro la Chichewa silinamuchoke mumtima. Ankati aphunzitsi akamawerenga ndakatulo, iye ankaiwala kuti wachoka kunyumba osadya. Atakwatiwa ndi Emmanuel, amene amadula nzimbe kuesiteti ndipo amabwera kumudzi kamodzi pamwezi, anayamba geni ya nsomba. M'mawa amapita kudoko kukadikira mabwato, masana amawamba, tsiku la msika amasenza beseni. Mpaka lero ukakhala naye pafupi umamva fungo la utsi.

Kwa apongozi ake anapezako mnzake. Mkulu wake wa Emmanuel, a Sebastiano, atelala a pamsika, anali ndi mkazi wawo Jenifer. Nyumba za akazi awiriwa zinkayang'anizana, madimba awo anali oyandikana, ankagawana mchere ndi nkhani, ndipo Flossy ankamuitana Jenifer kuti achemwali. Tsiku la madzi, anthu atayamba kale kuthawira kumtunda, awiriwa anabwerera kumudzi kukamasula mbuzi zimene zinatsala m'khola. Anabwerako ndi Flossy yekha. Anthu a bwato anamupeza madzulo ake atakakamira mumtengo wa msangu, mwana ali kumbuyo. Aliyense amene anamufunsa anamuyankha chimodzimodzi: madzi anabwera mwadzidzidzi, potembenuka anangoona kuti Jenifer palibe. Mtembo sunapezeke. Analira maliro opanda manda, ndipo ana awiri a Jenifer anayamba kuleredwa ndi agogo awo, mayi a Sebastiano ndi Emmanuel.

Gulu lathu la ndakatulo linayambira kumsasa komweko. Ndinaona anthu akungokhala ndwii, kuyang'ana kumene kunali midzi yawo, ndiye ndinatenga makope otsala ndi mapensulo n'kunena kuti wofuna alembe chimene chili kukhosi. Msasa utatha, anthu n'kumanga kumtunda kuno, gululo silinathe. Timakumanabe Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, pansi pa mtengo wa nimu kuseri kwa kalasi langa. Ena amabwera n'kusiya, koma osajomba tinali anayi: ine, a Sebastiano, Flossy, ndi a Witness, amene ali ndi kanyumba kometera tsitsi pamsika.

Malamulo athu ndi ochepa. Mwini ndakatulo amawerenga kawiri. Omvera amayamba kunena chimene chawakomera, kenako pamene apunthwa. Ndipo kamodzi pamwezi timaponya makope athu m'katoni, aliyense n'kutola la mnzake osayang'ana, kukakhala nalo sabata yathunthu akulemba maganizo ake m'mbali ndi pensulo.

Sitinali anthu okalipirana. Tsiku lina a Witness atawerenga ndakatulo yofananiza maso a bwenzi lawo ndi tochi ya mabatire atsopano, a Sebastiano anati, “Mzerewo ukuwala ndithu, achimwene. Koma mabatire amatha. Mukumuuza mwana wa eni kuti chikondi chanu chifika Lachinayi basi.” Tinaseka mpaka misozi, a Witness n'kufufuta tochiyo pomwepo.

Kwa chaka chathunthu Flossy ankangomvera. Tikamufunsa maganizo ankayankha ndi liwu limodzi la Chisena, “Pyadidi,” kutanthauza kuti zili bwino. Kenako anayamba kuwerenga tindakatulo take tatifupi: ta ntchentche za pamsika, ta asodzi onama kuti nsomba zasowa, ta utsi wolowa m'maso. Ankawerenga mutu uli pansi, koma m'mizere yake munalibe mawu ongodzazira malo. A Sebastiano ankamunyadira. “Alamu angawa,” ankatero, “akasoka sasiya ulusi wolendewera.”

Vuto ndinaliyambitsa ndine. Mu Malichi chaka cha 2025, zitakwana zaka ziwiri, ndinati tonse tilembe za madzi aja. Flossy anakweza mutu n'kundiyang'ana ngati ndamuponda pachilonda. Lamlungu lotsatira anabwera ndi kope lake la chikuto chobiriwira, lothimbirira ndi mafuta a nsomba. Itafika nthawi yake anawerenga:

Lachiwiri lija tinapita awiri,
mbuzi zikulira, mvula ili waa.
Madzi anafika m'mawondo, tinaseka,
anafika m'chiuno, tinasiya kuseka.
Zala zanu pa ine, achemwali,
zozizira, chimodzi chimodzi.
Msangu unandilandira ndi minga yake,
ndinaitana, Shire sanayankhe.

Anawerenganso kachiwiri monga mwa lamulo.

Anayamba ndi a Witness. “Ine pandigwira ndi paja pa ‘tinaseka, tinasiya kuseka.’ Ndi mmene zinalili. Ifenso kwathu tinkaseka madzi ali pakhonde.”

Ine ndinayamikira kufupika kwake, kenako ndinati mzere womalizawo ndi wofooka, chifukwa aliyense wolemba za mtsinje amati mtsinje sunayankhe. Flossy anagwedeza mutu kuvomereza.

Omaliza anali a Sebastiano. Anavula magalasi, n'kuwapukuta ndi m'munsi mwa shati.

“Alamu, takhuta,” anatero. “Zikomo kwambiri. Aka n'koyamba kumva kuti mkazi wanga anasekako tsiku limenelo. Zandithandiza.” Anavalanso magalasiwo. “Tsopano ndinene ngati mnzanu wa pagulu. Ndakatuloyi ili ndi podumpha. Mzere uwu muli awiri m'madzi, mzere wotsatira muli nokha mumtengo. Pakatipa mwatisiya. Zili ngati malaya okhala ndi kolala ndi mpendero, koma pamimba palibe nsalu.”

“Inenso pamenepo ndili ndi funso,” anatero a Witness, alibe n'choipa chomwe mumtima. “Chifukwa chiyani ‘chimodzi chimodzi’? Munthu akagwira mnzake amagwira ndi dzanja lonse. Chimodzi chimodzi timanena powerenga zinthu, kapena pomasula.”

Ndinaona thukuta likutsika m'khosi mwa Flossy.

“Ndangolemba,” anatero. “Kuti mawu akwanire.”

“Musachotse,” ndinatero ine, poganiza kuti ndikumulimbikitsa. “Ndi mzere wamphamvu kuposa yonse. Mungoutsegula kuti tione chimene chili kuseri kwake.”

Tsikulo linali loponya makope. Nditamuyandikizira katoni, Flossy anaponyamo lake mofulumira, ngati munthu wongofuna kuti msonkhano uthe achokepo. Tinasakaniza, aliyense anatola. Lobiriwira lija linagwera a Sebastiano.

Zimene zinatsatira Flossy anandiuza yekha pambuyo pake. Akuti anayenda mpaka pamjigo mutu uli mbuu, mawu a Witness akumuzungulira. Ndi pamjigopo pamene anakumbukira. Ndakatulo imene anatiwerengera sinali yoyamba. Anachita kuidula kuchokera ku ina yaitali, imene analemba miyezi ingapo m'mbuyomo kumasamba akumapeto a kope lomwelo, atalitembenuza chadodolido kuti asamaione. Mu yaitaliyo munalibe podumpha. Anakhala pansi pa simenti ya mjigo, amayi otunga madzi n'kumufunsa ngati akudwala.

Dzuwa lisanalowe anathamangira kunyumba kwa a Sebastiano. Anawapeza pakhonde akulongedza chikwama, apongozi ake ali pamphasa pomwepo akusadzula masamba a mbatata.

“Alamu, kope lija mundibwezere kaye. Muli zolakwika zambiri, ndikufuna ndikakonze.”

A Sebastiano anaseka. “Zolakwikazo ndiye ntchito yanga sabata ino. Mukazikonza nokha ine ndidzadya chiyani?”

“Ndikupemphani, alamu.”

“Nkhabe, sizitheka, lamulo ndi lamulo. Mawa ndikuwoloka Shire, ndikupita ku Marka, kumalire, kukagula nsalu. Ulendowo ndi wautali, ndikawerengera m'minibasi. Lachinayi ndabwera.”

Flossy anaona ndi maso ake kopelo likulowa m'chikwama, pakati pa tepi yoyezera ndi thaulo. Apongozi ake anali atasiya kusadzula, akumuyang'ana. Akanaumirira akanamufunsa kuti m'kopemo muli chiyani. Anatsanzika n'kubwerera.

Lolemba anapsereza nsomba zonse za pathandala. Anaima pomwepo akuziona zikuda, osakumbukira kuti ayenera kuchepetsa moto. Lachiwiri kumsika, munthu aliyense woima pa beseni lake ankaoneka ngati watumidwa. Foni yake ikalira ankaisiya ilire mpaka ileke. Ankawerengera ulendo wa alamu ake mumtima: pano atsika m'bwato, pano akwera minibasi, pano atsegula chikwama. Ankadzitonthoza kuti mwina sadzafika kumapeto kwa kope. Kenako ankakumbukira kuti a Sebastiano ndi munthu wotembenuza chovala kunsi kuti aone msoko.

Lachitatu nthawi ya buleki ndinamuona ataima pawindo la kalasi langa, atagwira Chance padzanja. Maso anali atalowa m'kati. Ndinatuluka n'kupita naye pansi pa nimu paja.

“Madamu,” anatero, “kodi apolisi amamanga munthu pa mlandu wa zaka ziwiri zapitazo?”

“Mlandu wanji, mayi a Chance?”

Anauza mwanayo kuti akatole timiyala chapatali. Kenako anayamba kuyankhula mothamanga, akuyang'ana pansi.

“Mbuzi tinamasula. Pobwerera, pakhwawa paja tinkawolokera masiku onse, madzi anali m'mawondo. Tili pakati anangokwera, ngati wina watsegula chitseko kumtunda. Anafika m'chifuwa. Achemwali anaterereka, miyendo yawo inachoka pansi. Anandigwira. Sanagwire mkono, madamu, anagwira mbereko, pamfundo penipeni. Ndinamva mfundo ikumasuka. Mwana anayamba kutsetsereka, madzi akumufika pakamwa. Ndinayesa kuwakoka, sindinathe, tinkapita tonse atatu. Ndiye ndinagwira zala zawo.”

Anatambasula dzanja lake lamanzere n'kuyamba kulikanula ndi lamanja.

“Ndinazimasula. Chimodzi chimodzi. Anali ndi mphamvu. Ndinachita kulimbana nazo.”

Belu linalira, ana n'kumathamangira m'makalasi, ine n'kutsala pomwepo.

“Zonsezi zili m'kope lija,” anapitiriza. “Ndinalemba chifukwa zinkandikanika kupuma. Tsopano zili m'chikwama mwa mwini mkazi. Adzati ndinawapha, ndipo akatero sadzanama. Adzandipitikitsa. Mukudziwa kwathu kuno, anandilowola, mwana ndi wawo. Ndidzachoka ndekha, mwana n'kutsala.”

Anandiuza kuti zovala zake ndi za Chance anali atamanga kale m'chitenje. Ankaganiza zothawira kwa azakhali ake kutsidya kwa malire, ku Mozambiki, a Sebastiano asanabwere.

Nanenso mantha anandigwira. A Sebastiano ndinkawadziwa ngati munthu wofatsa, koma ndinali ndisanawaonepo atanyamula nkhani yotere. Ndinkadziwanso mmene nkhani imayendera pamudzi: imachoka pakamwa ili mbuzi, ikafika kumsika ili ng'ombe. Ndinaganiza za anthu amene anataya abale awo m'madzi aja, amene mpaka lero amasowa woti amuloze chala.

“Musathawe,” ndinatero pomaliza. “Mukathawa, anthu adzawonjezera zimene simunalembe. Za apolisi sindikudziwa, sindikunamizeni. Koma akakuitanani kulikonse, ndidzapita nanu.”

Sanathawe. Koma mtolo uja sanamasule.

Lachinayi masana, ali kuseri kwa nyumba akuwamba, anaona a Sebastiano akubwera panjira yochokera kudoko. Analibe mtolo wa nsalu. Atafika pamphambano yolowera kwa Flossy anaima. Chance ankasewera pabwalo ndi chitini. Flossy anabisala kuseri kwa thandala, utsi ukumulowa m'maso, osayerekeza n'kutsokomola komwe. A Sebastiano anaima pamenepo nthawi yaitali, kenako anapitirira kwawo.

Lachisanu makina awo osokera sanatuluke pakhonde la golosale pamene amakhala. Loweruka chimodzimodzi. Apongozi a Flossy anakumana naye pamjigo n'kumuuza kuti, “Alamu ako abwerako odwala ku Marka. Sakudya, sakuyankhula. Kaya ndi malungo.” Flossy anasenza ndowa yosadzadza n'kuchokapo.

Lamlungu ndinkaganiza kuti Flossy sabwera. Anabwera. Anati kudikira kunali kutamupweteka kuposa chilichonse chimene akanamuchita. Anakhala kumapeto kwa benchi, Chance ali pamiyendo, atamukumbatira ngati khanda ngakhale anali atatsala pang'ono kukwanitsa zaka zitatu. A Witness, osadziwa kanthu, anandibwezera kope langa ndi nthabwala zawo, akuti ndakatulo zanga zimavala yunifolomu. Palibe anaseka. A Sebastiano anafika mochedwa, ndevu zosameta. Anakhala pansi n'kutulutsa kope lobiriwira lija, n'kuliika pabondo.

“A Witness, pepani achimwene,” anatero, “tatisiyani pang'ono. Ndi za pabanja. Madamu, inu khalani.”

A Witness anayang'ana nkhope zathu, anatola chipewa chawo n'kumapita osafunsa.

“Alamu,” anatero a Sebastiano, “kopeli ndawerenga lonse. Ndi kumbuyo komwe.”

Flossy anakumbatira Chance mwamphamvu.

“Ndinati ndakatulo yanu ili ndi podumpha. Podumphapo ndapapeza. Koma ngakhale kumbuyoko mwasiya chinthu chimodzi. Mwalemba kuti mkazi wanga anayankhula. Simunalembe kuti anati chiyani.”

Ndinapemphera chamumtima kuti pakhale mawu ena ofewetsa nkhani, kuti mwina Jenifer anati pulumutsa mwana. Flossy akanatha kunama pamenepo, ndipo palibe akanamutsutsa.

“Anangotchula dzina langa,” anatero. “Kawiri.”

A Sebastiano anaweramitsa mutu. Mapewa awo anagwedezeka, koma mawu sanatuluke. Chance anayamba kulimbana kuti atsike, mayi ake osamusiya.

“Ndinawerengera m'minibasi, tisanafike n'ku Nsanje komwe,” anatero a Sebastiano pomaliza. “Ku Marka nsalu sindinagule. Ndinakhala masiku awiri kwa mnzanga, ndikukonza mawu oti ndidzanene pamaso pa abale onse. Anali mawu oipa. Lachinayi ndinaima panjira ya kwanu kuti ndiyambire pomwepo. Ndinaona mwanayu akusewera. Ndi mwana wa mng'ono wanga, magazi anga. Ndinalephera kunena kuti bola akanapita iyeyu.”

“Ndikhululukireni, alamu,” anatero Flossy. Anatsika pabenchi n'kugwada m'fumbi, mwana ali m'manja.

“Dzukani. Sindinganene kuti palibe kanthu. Kanthu kalipo. Mkazi wanga anafa akuitana munthu, ndipo ndizimva zimenezi mpaka tsiku langa. Ndikanakhala ine ndili ndi mwana kumbuyo, sindikudziwa kuti ndikanatani. Ndaganiza masiku onsewa, sindikudziwa. Koma chimene chikundiwawa n'chakuti zaka ziwiri ndakhala nanu pabenchi ili. Ndinakufunsani kumsasa, ndinakufunsani pamaliro. Munkandiyang'ana n'kunena kuti simunaone.”

“Ndinkaopa.”

“Ndikudziwa.”

Anamupatsa kopelo. “Sindinalembemo kanthu. Pensulo yanga ilibe ntchito mmenemo. Ine sindiuza munthu. Koma mng'ono wanga akabwera mumuuze nokha, asadzamve kwina.”

Anaimirira n'kumapita, akuyenda ngati nkhalamba.

Emmanuel anabwera kumapeto kwa mwezi, ndipo Flossy anamuuza. Iye anakhala tsiku lonse pansi pa mtengo, kenako anakauza mayi ake, poti nkhani yotere sakanaisenza yekha. Mayiwo analira ngati maliro achitika kumene. Abale anaitanidwa. Ndinapita nawo monga ndinalonjezera, ndinakhala kumbuyo kwa Flossy. Amalume ena ananena poyera kuti mkaziyu abwerere kwawo, mwana atsale. Ena anavomereza. Emmanuel ankangoyang'ana pansi. Onse anatembenukira kwa a Sebastiano, poti ofedwa anali iwo.

“Nyumba imodzi inatha kale,” anatero. “Mukufuna ithenso yachiwiri? Ana anga alibe mayi. Uyunso akhale wopanda mayi kuti tifanane?”

Sanawonjezere china, ndipo nkhani inathera pamenepo. Za apolisi palibe anazitchula.

Flossy anakhala, koma zinthu sizinabwerere mwakale. Apongozi ake mpaka lero sadya chakudya chophikidwa ndi iye. Nkhani inafika pamjigo ndi pamsika, ena anasiya kugula nsomba zake. Panalinso amayi awiri kapena atatu amene anayamba kumupatsa moni mwaulemu kuposa kale, ndipo mmodzi anamunong'oneza kuti nayenso ali ndi zake za tsiku lija zimene sanauzepo munthu. Mitambo ikada kumapiri a ku Thyolo, Flossy amasiya chilichonse n'kuyamba kufunafuna Chance, ngakhale pano akukhala pamtunda pamene madzi sanafikepo.

Kugulu sanasiye kubwera. Amene anasiya ndi a Sebastiano. Akakumana panjira ankapatsana moni wa mawu awiri basi. Tinkakumana atatu, nthawi zina anayi pakabwera mlendo, ndipo Flossy anabwerera ku “pyadidi” wake uja. Sankawerenga chilichonse.

Mu Okutobala, tsiku lotentha loti ngakhale mbuzi zinabisala pansi pa nkhokwe, tinangoona a Sebastiano akubwera ndi kope m'manja. Anakhala malo awo akale osapepesa, osafotokoza. Itafika nthawi yawo anawerenga ndakatulo ya bambo awo, amene anali msodzi wa mono. Inali yabwino. Koma mu ndime yachiwiri munali mzere wakuti, “Mamba a mlamba ali mbee m'manja mwanu.” Tonse tinaumva. Ine ndinayamikira ndime yomaliza n'kulekera pomwepo. A Witness anayamikira mutu wake n'kuyamba kuyang'ana nsapato zawo. Palibe ankafuna kukhudza munthu amene wangobwerera kumene.

“Alamu,” anatero a Sebastiano, osamuyang'ana, “inu simunanene kanthu.”

Manja a Flossy anali atafinya m'mphepete mwa benchi.

“Ndakatuloyi ndi yabwino,” anatero ndi mawu ang'ono. “Ndawaona bambowo ali m'bwato. Koma alamu, mlamba ulibe mamba.”

A Sebastiano anayang'ana pakope. “Ndikudziwa. Ndimafuna kuti mawuwo agwirizane. Mamba, mlamba.”

“Akugwirizana ndithu. Koma msodzi akamva adzasiyira pomwepo kumvera. Mlamba umasiya thelezi m'manja, osati mamba.”

“Thelezi silikoma m'ndakatulo.”

“Nanga bambowo m'manja mwawo munkakhala chiyani?”

A Sebastiano anapempha pensulo kwa a Witness, anakhwatcha mzerewo, n'kulemba wina pamwamba pake. Anawerenganso ndime yonse kuti timve, ndipo atamaliza anafunsa kuti wotsatira kuwerenga ndani.